Andipatsa Weber yakale yofiira, ndiipake penti kapena ndiisiye?

Kanyenya_Joni
Moni nonse abale. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za mbaula zachizunguzi. Madamu amene ndimawagwirira ntchito ya m'munda kuno ku Randburg akusamukira kwa mwana wawo ku Cape Town ndiye tikukonza mu garaja tinapeza Weber yakale yofiira, yozungulira ya chivindikiro ija, yaikulu ya 57cm. Anati inali ya malemu amuna awo, ndikataye kapena nditenge ngati ndikufuna. Ndatenga. Koma yatha ndithu, waya wowotcherapo nyama ndi dzimbiri lokhalokha, mwendo umodzi ukugwedera, zogwirira ndi zamatabwa zauma mpaka kung'aluka, m'mphepete mwa chivindikiro penti yasupuka malo angapo ndipo mkati mukukanganuka zinthu zakuda. Ine maganizo anga anali kuipala yonse ndi sandipepa n'kupopera penti yakuda ioneke yatsopano. Tsono chandidabwitsa n'chakuti mzungu wina woyandikana nawo ataiona pageti anaimitsa galimoto n'kundifunsa ngati ndikugulitsa, chinthu choti ine ndimachiona ngati chotaya. Kodi pali chimene sindikuchidziwa apa?

Tchona_Leeds
Achimwene chonde ikani sandipepayo pansi kaye. Musakhudze. Ndikubwera ndifotokoze ndikaweruka.

Nyakwawa77
Kkkk mbaula ndi mbaula basi. Pakani penti muwotche nyama tidye.

MayiWaAtatu
Mzungu akaimitsa galimoto chifukwa cha chitsulo chadzimbiri dziwani kuti pali ndalama pamenepo. Musathamangire kugulitsa.

Tchona_Leeds
Ndabwera. Chinthu choyamba a Kanyenya, chofiira mukuchionacho si penti ayi. Ndi enamel, galasi losungunulidwa limene amaliwotchera pachitsulo mu ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 800. N'chimodzimodzi mbale ndi makapu achitsulo a agogo aja, oyera a mkombero wabuluu, amene akagwa pansi ankasupuka n'kuonekera chakuda koma osasuluka mtundu ngakhale patapita zaka. Ndiye mukaipala ndi sandipepa mwakanda galasilo ndipo silibwereranso, komanso penti pa galasi siigwira bwino, mukangokoleza moto kangapo iyamba kutukusira n'kumasupuka, mbaula ioneka moipa kuposa mmene ilili pano. Zakuda zikukanganuka mkatizo si penti, ndi mafuta ndi utsi wa zaka zambiri zimene zinaumirira, zimachoka. Tengani lezala la kumodzi lija lopalira magalasi, muligoneke, muzipala pang'onopang'ono pamalo ponyowa ndi madzi a sopo. Mukatha mutsuke ndi sitiluwulu yosalala kwambiri, imalembedwa 0000, osati yokhakhala yotsukira mapoto ija. Mudabwa mmene iwalire.

Kanyenya_Joni
Ee ndapulumuka, sandipepa ndinali nditagula kale. Nanga posupukapo pakuoneka dzimbiripo ndipange bwanji?

Tchona_Leeds
Pamenepo chotsani dzimbiri ndi sitiluwulu yomweyo kenako muzipakapo mafuta ophikira nthawi ndi nthawi, dzimbiri liima. Ena amadontheza penti yopirira moto pabalapo pokha, koma kupeza kufiira kofanana n'kovuta ndiye zimaoneka zigambazigamba. Ine ndimasiya choncho. Ndipo ngati pali pophwanyika musamenye ndi hamala kuti muwongole, enamel athetheka ponseponse.

Mmisiri_Ndirande
Za mwendo wogwederawo bweretsani kuno tiwotcherere, mphindi zochepa zatheka.

Achimwene_Texas
A Mmisiri ulemu wanu koma apa ayi. Miyendo ya Weber ndi ya aluminiyamu, imangolowetsedwa m'timapaipi tachitsulo timene tili kunsi kwa mbaleyo, palibe bawuti. Mukayandikitsa moto wa weding'i pamenepo enamel yense wozungulira apsa. Ngati kapaipiko kali bwino, zulani mwendo, mukulunge kumapeto kwake ndi kachidutswa ka foyilo kapena mukutambasule pang'ono ndi pulayala, mubwezeretse, ugwira. Ngati kapaipiko ndi kamene kakufuna kuthothoka ndi dzimbiri, boolani timabowo ting'onoting'ono mumange ndi timabawuti ta stainless ndi mawashala. Miyendoyo mukaitsuka ndi sitiluwulu n'kupaka polishi wa zitsulo imawala ngati yatsopano.

Mmisiri_Ndirande
Chabwino ndamva, aluminiyamu ndiye makina anga sangathe n'komwe. Koma inu anthu akunja mumakonda kunyengerera zinthu, ife kuno chikagwedera timaotcherera basi chikhale mpaka Yesu adzabwere.

Nyakwawa77
Ine sindikumvetsabe. Munthu kuimitsa galimoto chifukwa cha mbaula? Ili ndi golide mkati?

Achimwene_Texas
A Nyakwawa kuli anthu amatolera zimenezi monga ena amatolera magalimoto akale. Kuno ku America ndi nkhani yaikulu chifukwa ndi kwawo kwa chinthuchi. Anachiyambitsa ndi George Stephen mu 1952, ankagwira ntchito ku Weber Brothers Metal Works ku Chicago, kampani imene inkapanga zitsulo zozungulira zoyandama pamadzi zolozera njira ya zombo. Iye anatenga theka la chimenecho n'kuikapo miyendo itatu ndi chivindikiro chifukwa anatopa ndi mphepo ndi phulusa pa malo ake owotchera a njerwa. Zakuda ndi zimene zinapangidwa zambirimbiri ndiye sizisowa, koma za mitundu, yofiira, yachikasu, yabuluu, yobiriwira, ndi zimene otolera amazisaka, makamaka zikakhala ndi zogwirira zamatabwa kapena zachitsulo zakale kwambiri zija. Yofiira ili ndi okonda ake enieni. A Kanyenya tayang'anani pa kachitsulo kozungulira kotsegulira mpweya pamwamba pa chivindikiro, pukutani bwino, pali chilembo chodindidwa. Kuyambira 1979 anayamba kudinda chilembo cha chaka, A ndi 1979, B ndi 1980, C ndi 1981, kumapita choncho. Kuyambira 1994 zilembo zinakhala ziwiri, ndipo ankagwiritsa ntchito mawu akuti AUTHORIZED, A kuimira 1, U kuimira 2 mpaka E kuimira 9 ndi D kuimira 0, ndiye mukaona EH ndi 94, DD ndi 2000. Ngati palibe chilembo chilichonse koma kachitsuloko n'koyambirira, ndiye kuti ndi ya kale kuposa 1979, pamenepo mugone nayo m'nyumba.

Dolo_waMakala
Osavutika ndi zilembo, ingoyang'anani kunsi. Ngati kuli timawindo ta mpweya titatu tozungulira ndi ya ma 70 imeneyo, chifukwa kuyambira ma 80 anaika chogwirira chimodzi chosesa phulusa chija.

Achimwene_Texas
Pang'ono mwalondola koma si umboni wokwanira. Chosesa phulusa cha One-Touch chinabweradi kumayambiriro kwa ma 80 koma za timawindo titatu sanasiye nthawi yomweyo, anapitiriza kuzigulitsa ngati zotchipirako kwa zaka zambiri. Chilembo ndiye chimanena zoona.

Dolo_waMakala
Aaa chabwino pulofesa.

NaBanda_Pretoria
Ine ndingodandaulako kwa amayi anzanga muli muno. Bambo a kunyumba kwanga matenda amenewa anawagwira. Zinayamba ndi imodzi ngati mmene akuyambira a Kanyenyamu, lero kuseri kwa nyumba kulibe poyanika zovala, Loweruka lililonse ali pa Facebook Marketplace ndi Gumtree kusaka za anthu osamuka, abwera ndi chitsulo china m'buti akumwetulira ngati awina mpikisano, koma nyama imene timawotcha ndi yomweyo ya pa mbaula imodzi. Ndikafunsa akuti iyi ndi ya zipangizo, iyi ndi yosungira, iyi ndigulitsa. Palibe imene anagulitsapo. A Kanyenya akazi anu ndawamvera chisoni.

MayiWaAtatu
Kkkkk asisi bola amabwera ndi mbaula, ena amabwera ndi zina.

NaBanda_Pretoria
Apo ndiye mwanena zoona mayi, ndangokhala chete.

Nyakwawa77
Mwaonatu. Ndi zimene ndikunenazi, izi ndi za anthu okhuta. Kumudzi mayi anga akuphikira mbaula ya malata ya pamsika yomwe imabooka chaka chisanathe, inu muli kalikiliki kupolisha miyendo ya mbaula yosaphikira n'komwe nsima.

Tchona_Leeds
A Nyakwawa mfundo yanu ikundithandiza ine osati inu. Mbaula ya mayiyo imabooka chifukwa ndi lata lopyapyala lopanda chotchinga, mumagula ina chaka ndi chaka. Ya a Kanyenya yakhala zaka mwina makumi anayi, mwini wake mpaka anatisiya, koma mbale yake sinabooke. Kuno ku UK zofanana ndi zimenezi anthu amakataya kumalo otayira zinyalala kapena kugulitsa motchipa pa car boot sale, msika wa katundu wakale wa m'nyumba, chifukwa choti waya wachita dzimbiri, n'kukagula yatsopano yopyapyala ya mu supamaketi yomwe ikangodutsa dzinja limodzi panja yatha. Waya amagulidwa payekha, wa 57cm wa lero amakwana bwinobwino pa yakale chifukwa kukula kwake sanasinthe. Ndiye wokhuta ndi ndani, wokonza chakale kapena wotaya? Za kuunjika khumi kuseri kwa nyumba izo ndi zina, inenso sindigwirizana nazo, mbaula yosakolezedwa moto ndi chitsulo chabe.

Achimwene_Texas
Apo a Leeds tasiyana pang'ono. Pali zina zosowa kwambiri moti kuziwotchera tsiku ndi tsiku n'kuziwononga, makamaka za mitundu yowala, makala akagundana ndi khoma la mbale nthawi yaitali mtundu umayamba kuchita timing'alu ndi kuda. Imodzi yosunga imodzi yogwiritsa ntchito si misala.

NaBanda_Pretoria
Mawu amenewa ndi omwe ndimamva kunyumba ndendende. Mumaphunzitsana eti?

Mphwanga_waZomba
Pepani ndilowetse yanga. Ine ndilibe Weber koma ndinapeza kambaula kakang'ono kolemera kwambiri kachitsulo cha mapoto a miyendo itatu chija, amati hibachi, kali ndi zogwirira zamatabwa ndi mawaya awiri okwezeka. Dzimbiri lake ndi lochindikala moti sitiluwulu siikuphula kanthu. Nako ndi lezala?

Injiniya_waKuKanengo
Ayi chimenecho ndi china, chilibe enamel ndiye mutha kulimbana nacho. Njira yophweka ndi kuviika mu viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, koma muziyang'ana pakapita maola ochepa, mukachiiwala masiku viniga amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Njira imene ndimaikonda ine ndi ya magetsi. Chotsani zamatabwa kaye. Mutenge chidebe cha pulasitiki, madzi, muthiremo soda wochapira zovala uja, osati wophikira mandasi. Mupeze tchaja ya batire ya galimoto, yachikale ndi imene imachita bwino chifukwa zamakonozi zina zimakana kuyaka zikapanda kuona batire. Waya wakuda mumange ku chinthu chadzimbiricho, wofiira mumange ku chitsulo china chotha ntchito, zonse zilowe m'madzi koma zisagundane, ndipo kopanira kofiirako kakhale kunja kwa madzi. Mukayatsa muona thovu, m'mawa mwake dzimbiri lafewa likungochoka ndi bulashi. Chenjezo, chitireni panja chifukwa mpweya wotulukawo ndi hydrogen, umayaka, ndipo chitsulo chotha ntchitocho chisakhale cha stainless chifukwa chimasiya poizoni m'madzimo. Mukatsuka umitsani msanga pamoto, pakani mafuta ophikira ochepa kwambiri, tenthetsani mpaka asiye kufuka, mubwereze kangapo chide bwino.

Mphwanga_waZomba
Zikomo akulu. Vuto magetsi akewo, tiona tsiku limene ayake usiku wonse.

Dolo_waMakala
Poti mwatchula za kumudzi, ine chimene chimandiopsa ndi ma braai a migolo amene adzaza m'tauni. Mgolo wodula pakati ndi wabwino, nyama yambiri imakwana, pa ukwati ndi pa mpira palibe chouposa, koma anthu safunsa kuti munali chiyani mumgolomo. Wina munali mankhwala, wina oyilo, angodula n'kuikapo nkhuku. Ndipo pamwamba amaika shelefu ya firiji yakale kapena waya wa mpanda wonyezimira uja.

Injiniya_waKuKanengo
Imeneyo ndi nkhani yoona. Waya wonyezimira wa galvanised amakutidwa ndi zinc, ikatentha kwambiri imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa, a weding'i amaudziwa, umamva ngati malungo usiku wake. Mashelefu a firiji nawo sanapangidwire moto, ena ali ndi pulasitiki pamwamba. Ndipo mgolo umene munali mafuta osaudula ndi gilainda musanautsuke n'kuudzaza madzi, mpweya wotsalira mkati umaphulika.

Mmisiri_Ndirande
Izi ndiye ndikuvomereza ndi manja awiri, utsi wa galvanised si wocheza nawo. Ine ya makasitomala anga ndimapangira rimu ya galimoto ndi nsimbi zamabilidi, ndipo mgolo ndimauwotcha kaye ndi nkhuni zambiri penti yonse ipse ndisanaupereke. Rimu siibooka, mudzasiyira adzukulu. Mwina zaka zikubwerazi azungu adzaimitsanso galimoto kufuna mbaula ya ku Ndirande kkkk.

Nyakwawa77
Nanga makala ake? Mukukamba za mbaula pomwe mapiri onse ayera, Ndirande yemweyo kale kunali mitengo. Thumba la makala pa rodibuloko amalanda.

MayiWaAtatu
A Nyakwawa mitengo sinathe ndi braai ya pa Khirisimasi, yatha ndi kuphika kwa tsiku ndi tsiku chifukwa magetsi ndi gasi anthu sangakwanitse. Musatisenzetse mlandu.

Tchona_Leeds
Ndipo ya chivindikiro imapulumutsa makala. Mukamaliza kuwotcha mumatseka timawindo tonse, moto umazima chifukwa chosowa mpweya, makala otsala mudzagwiritsanso ntchito. Pa mgolo wotsegula amanyeka mpaka phulusa kapena mumathira madzi, zomwe zimabooletsa mgolowo. Paja a Kanyenya, phulusa musamalisiye m'mbale, likanyowa ndi limene limadya zitsulo za kunsi.

Sikoto_Benoni
Inu mukungotamanda za ku America, za kuno ku Joni bwanji? Ine ndimatolera ma skottel akale a Cadac, chiwaya chija chokhala pamwamba pa botolo la gasi labuluu. Chinayambira kwa alimi amene ankatenga chimbale cha pulawo ya thirakitala chotha ntchito n'kumakazingirapo kumunda, kampani inadzangochikonza bwino. Akale aja ndi olimba ndipo amapezeka motchipa chifukwa aliyense anali nacho. Kukonza kwake n'kosavuta, kabowo kotulukira gasi kamatsekeka ndi fumbi ndiye mumasintha kajeti, ndi timalabala totsekera mpweya timauma n'kung'aluka, timeneto sinthani musanayatse n'komwe. Mukamanga pakani madzi a sopo polumikizira ponse, mukaona thovu likufufuma ndiye kuti gasi akutuluka, zimitsani. Osayesa ndi machesi chonde.

Dolo_waMakala
Chimenecho si braai, ndi chiwaya cha tchipisi chopita kusukulu. Nyama yopanda utsi ndi yokazinga basi.

Sikoto_Benoni
Pa 24 September, tsiku la braai kuno ku Joni, mudzabwere mudzadye mazira ndi soseji m'mawa anzanu akadali kukupiza makala, tidzaone ngati mudzakane.

Achimwene_Texas
Poti aliyense akutchula yake, kuno kulinso ina amati PK, Portable Kitchen, inayambanso 1952 momwemo ku Texas konkuno kenako kampani inasamukira ku Little Rock, Arkansas. Imeneyo ndi ya aluminiyamu wochindikala ndiye dzimbiri siliidziwa, anthu amaipeza itakhala pa udzu zaka, kungotsuka, kusintha waya, yayambiranso. Koma ndatchula dala chifukwa cha ichi, pa aluminiyamu musayandikitse mankhwala otsukira uvuni kapena caustic soda, amadya n'kusiya mabanga oyera osachoka. A Kanyenya izi zikukukhudzani, mankhwala a uvuni pa enamel mkati mwa mbale alibe vuto koma asadonthere pa miyendo, pa timawindo ta mpweya ndi pa mbale ya phulusa, zonsezo ndi aluminiyamu.

Kanyenya_Joni
Abale ndabwerako. Ndapukuta kachitsulo kaja ndipo pali chilembo C, ndiye kuti 1981 eti a Texas? Ine ndinali ndisanabadwe. Chivindikiro ndatsuka mbali imodzi ndi lezala ndi sitiluwulu monga munanenera a Leeds, eee kufiira kwake ngati tomato, mpaka madamu atabwera kudzaona anangoti kakasi kenako anapita kukatenga chithunzi chakale cha amuna awo ataima pambali pake ana ali ang'onoang'ono. Mwendo ndakulunga foyilo wagwira. Zatsala zogwirira, ndigule zatsopano zapulasitiki?

Achimwene_Texas
1981 yeniyeni. Zogwirira musataye, zimakweza mtengo wake. Masulani sikuluwu mosamala, ngati yagwira dzimbiri donthezani mafuta omasulira mudikire, osakakamiza. Apa ndiye sandipepa wanu uja agwire ntchito, wosalala, koma ngati pakuonekabe dzina la Weber pathabwapo pitanipo mopepuka lisafufutike. Mong'alukamo thirani guluu wa matabwa mumange mpaka aume, kenako pakani mafuta a linseed kapena vanishi wa panja. Kansanza kopakira linseed musakaunjike m'thumba, kamatha kuyaka kokha, kayanikeni kotambasula.

MayiWaAtatu
Nanga mzungu uja?

Kanyenya_Joni
Anabweranso, wawonjezera ndalama ataona mbali yotsukayo. Kunena zoona mtima unagunda chifukwa kumudzi akufuna ya feteleza. Ndamuuza andipatse sabata ndiganize.

Nyakwawa77
Gulitsani inu. Feteleza kaye, mbaula a Mmisiri akupangirani ya rimu.

NaBanda_Pretoria
Kapena mugulitse kwa bambo a kwathu. Ayi ndikunama, musayerekeze, asaone n'komwe zimenezi.

Tchona_Leeds
Chisankho ndi chanu achimwene, palibe angakudzudzuleni pa nkhani ya feteleza. Koma musagulitse musanamalize kutsuka ndi kuona mmene zofiira za zaka zimenezo zikuyendera pa Marketplace ndi Gumtree, mtengo asakuuzeni ndi wogula yekha. Ndipo ngati mwaganiza zopita nayo kumudzi pa basi, zulani miyendo, chivindikiro muchitembenuzire m'mbale ndi bulangete pakati, chifukwa mmene amaponyera katundu mu ngolo ikafika pa Mwanza itasupuka paliponse.

Kanyenya_Joni
Ndamva. Loweruka ndigula waya watsopano ndiyambe ndawotcherapo nkhuku imodzi kaye, zogulitsa tikambirana ndikalawa. Funso lina, mbale ya phulusa ya kunsi ija palibe, inasowa kalekale. Ya masiku ano ingakwane?

Achimwene_Texas
Itha kukhala, koma yang'anani magwiridwe ake chifukwa zakale zina zinali ndi timipata tolowa m'miyendo pomwe zina zimakhalira pa timawaya topanira. Jambulani miyendoyo chapakati muponye pano tione.

Mmisiri_Ndirande
Kapena chivindikiro cha sefuliya yaikulu, kudula timipata titatu basi. Imeneyo ndiye musandiletse.